Tikamafunsa za BP ya amayi athu, tizifunsanso za tulo tawo

Akonzi,

Tiloleni malo m'nyuzipepala yathuyi kuti tilankhule ndi amayi amene adutsa zaka 50, ana awo, apongozi awo ndi atsogoleri a mipingo yawo, makamaka kuno ku Mzuzu. Ife ndife ogwira ntchito zachipatala, ndipo nkhani yathu ndi ya tulo.

Mayi akapezeka ndi BP amauzidwa zinthu zitatu: chepetsani mchere, chepetsani mafuta, musadumphitse mankhwala. Zonsezi n'zoona. Koma kawirikawiri palibe amene amamufunsa kuti amagona maola angati, ndipo usiku amadzuka kangati. Chonsecho pakhomo iye ndiye wotsiriza kugona, ndiyenso woyamba kudzuka. Tawerengani usiku wa mayi wa geni wa ku Mchengautuba, Chibavi kapena Zolozolo. Akamaliza mbale, kukanda fulawa ndi kugoneka adzukulu, nthawi yakwana 11 koloko. Cha m'ma 1 koloko wadzidzimuka thukuta lili kamukamu. Cha m'ma 3 koloko chikhodzodzo chamudzutsa. Ikamati 4 koloko ali pamoto kukazinga mandasi, kapena wanyamuka kukapikula tomato ndi masamba ku Zigwagwa. Tulo teniteni sitinakwane maola asanu, ndipo ta maola ochepawo n'toduladula. Mawa zomwezo, mkuja zomwezo, chaka n'kutha.

Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, ndipo amene wadutsa zaka 65 amafunika 7 kapena 8. Zoti nkhalamba sifuna tulo tambiri si zoona. Chimene chimasintha ndi ukalamba n'chakuti tulo timapepuka, munthu amawodzera msanga madzulo n'kudzukanso msanga. Thupi limafunabe tulo tokwanira.

Chifukwa chake ndi ichi. Mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, ndipo suima kuti upume. Mpumulo wake umabwera munthu akagona tulo tofa nato. Pa nthawi imeneyo misempha imene imachititsa thupi kukhala tcheru imafatsa, mtima umagunda pang'onopang'ono, mitsempha ya magazi imamasuka, ndipo BP imatsika ndi 10 mpaka 20 pa 100 aliyense. Ngati masana nambala yapamwamba inali 130, usiku iyenera kufika pakati pa 104 ndi 117. Tulo tikadulidwa, kutsika kumeneku kumachepa kapena kulephereka. Kudzidzimuka kulikonse kumatulutsa mahomoni a adrenaline amene amafinya mitsempha ndi kuthamangitsa mtima. Mahomoni a cortisol, amene amayenera kukhala otsika madzulo, amakhala okwera. Impso zimasunga mchere ndi madzi. Khungu lam'kati mwa mitsempha, limene limaithandiza kutamuka, limayamba kuuma. Anthu amene BP yawo siitsika usiku amadwala sitiroko, mtima ndi impso kuposa anzawo, ngakhale manambala a masana atakhala ofanana. Choopsa n'chakuti kuchipatala timayeza masana, mayi atakhala pabenchi. Za usiku makina aja sazidziwa.

Palinso njira ina imene kusagona kumawonongera mtima mozembera. Munthu wosagona amamva njala kwambiri ndipo amalakalaka zotsekemera ndi zamafuta, thupi lake silimveranso bwino insulin (mahomoni amene amatsitsa shuga m'magazi), shuga amakwera, mimba imakula. Kutopa kumamuletsa kuyenda. Kenako kunenepako kumasokoneza tulo, zinthu n'kumangozungulira choncho.

Nanga n'chifukwa chiyani tikunena za amayi achikulire makamaka? Amayi ambiri amasiya kusamba ali pakati pa zaka 45 ndi 55. Mahomoni a estrogen, amene ankathandiza mitsempha kukhala yofewa, amatsika. Mitsempha imalimba, mafuta amasonkhana pamimba, thupi silipiriranso mchere ngati kale. Mayi amene pa zaka 35 BP yake inali yotsika kuposa ya mwamuna wake, akamafika zaka za m'ma 60 amamupeza mwamunayo, mwinanso kumupitirira. Nthawi yomweyo ndi imene kutentha kwa thupi kobwera mwadzidzidzi ndi thukuta la usiku zimayamba, ndipo kwa ena zimatenga zaka zambiri. Ndiye kuti tulo timawonongeka pa nthawi imene mitsempha yataya chitetezo chake.

Akatswiri anazifufuza izi. Ku America anatsatira anamwino aakazi oposa 70,000 a zaka 45 mpaka 65 kwa zaka 10, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2003. Amene ankagona maola asanu kapena kucheperapo anadwala matenda a mitsempha ya mtima mochuluka kuposa amene ankagona maola 8, kusiyana kwake kunali pafupifupi 45 pa 100 aliyense. Amene ankagona maola 9 kapena kuposa nawonso anali pachiopsezo chokulirapo, ndipo nthawi zambiri kugona kopitirira kotere kumakhala chizindikiro cha matenda ena obisika. Pa kafukufuku wina wa ku chipatala cha Mayo Clinic, ku America komweko, amene anatuluka mu 2021, anthu athanzi anawalola kugona maola anayi okha kwa masiku 9. BP inakwera makamaka mwa akazi, ndipo inakwera kwambiri usiku. Amenewo anali achinyamata a mitsempha yofewa. Mu 2022 bungwe la American Heart Association linaika tulo pa mndandanda wa zinthu 8 zoyezera thanzi la mtima, pamodzi ndi zakudya, fodya, shuga ndi BP. Kuno kwathu, kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wotchedwa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo kafukufuku wa bungwe lofufuza zaumoyo la MEIRU ku Karonga ndi ku Lilongwe anapeza kuti oposa theka la anthu a BP yokwera sankadziwa kuti ali nayo.

Pali vuto limodzi limene tikufuna tichedwepo, chifukwa m'makomo mwathu timaliseka. Ndi mkonono. Si mkonono wonse umene uli matenda, koma mvetserani bwino wa amayi anu. Ngati akuliza mkonono, kenako zii, ngati asiya kupuma, kenako n'kudzidzimuka mobanika kapena mofwenthera, amenewo ndi matenda amene madokotala amati sleep apnoea. Minofu ya kukhosi imafooka munthu akagona, njira ya mpweya n'kutsekeka kwa masekondi 10 kapena kuposa. Mpweya wabwino umachepa m'magazi, ubongo umadzutsa thupi mwadzidzidzi, BP imalumpha, munthu n'kugonanso osadziwa kanthu. Zikachitika kasanu pa ola amati matenda ayamba, ndipo zikafika ka 30 pa ola ndiye kuti akula. Ganizirani mtima wodzidzimutsidwa ka 200 usiku umodzi. Matendawa amachuluka mwa amayi akasiya kusamba, makamaka onenepa ndi amene khosi lawo likuposa masentimita 40 mukaliyeza ndi tepi ya telala. Amayi ambiri sadandaula za mkonono, pena chifukwa cha manyazi, pena chifukwa amagona okha. Amangoti mutu umapweteka m'mawa, kukamwa kumauma, thupi n'lolefuka, amakodza kangapo usiku, amawodzera m'tchalitchi kapena m'minibasi. Mayi amene akumwa mitundu itatu ya mankhwala a BP mokhulupirika koma BP osatsika, ayenera kufunsidwa za mkonono asanawonjezeredwe mtundu wachinayi. Matendawa amachititsanso mtima kugunda mosokonekera, ndipo kugunda kotereku kumapanga magazi oundana amene amakatseka mtsempha wa mu ubongo.

Chithandizo chake chenicheni ndi makina a CPAP amene amapopera mpweya m'mphuno usiku wonse, koma ndi odula ndipo amafuna magetsi. Zilipo zina zimene banja lingachite lero. Mayi agone chammbali, osati chagada. Kusokerera chitsononkho m'kathumba kumsana kwa malaya ogonera kumathandiza kuti asatembenukire chagada ali m'tulo. Mutu wa bedi ukwezedwe ndi njerwa imodzi kapena ziwiri. Mowa ndi mapiritsi ogonetsa azipewe, chifukwa zimafooketsa minofu ya kukhosi ija. Kuchepetsa thupi, ngakhale makilogalamu 8 kwa munthu wa makilogalamu 80, kumachepetsa ndithu kubanikako.

Musasokoneze zimenezi ndi chizindikiro china choopsa kwambiri. Mayi amene sangagone chagada chifukwa cha phuma, amene wayamba kusanjikiza mapilo atatu kapena kugona chokhala, amene amadzuka patapita ola limodzi kapena awiri akuthamangira pawindo kufuna mpweya, miyendo ili yotupa, ameneyo mtima wake wafooka ndipo madzi akudzaza m'mapapo. Musadikire tsiku la kiliniki. Apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsopano tinene zoyenera kuchita, kuyambira pa kuyeza. Pezani kope, mulembe kwa masiku 14: nthawi yogona, nthawi imene tulo tinabwera moyerekeza, kudzuka kangati ndi chifukwa chake, nthawi yodzuka, makapu a tiyi ndi nthawi yake, mankhwala onse ndi nthawi yake. Ngati mayi salemba, mdzukulu wa ku sekondale alembe. Ngati pakhomo pali makina a BP, kapena gulu la amayi lasonkherana n'kugula amodzi, yezani motere. Mayi ayambe wataya madzi. Asamwe tiyi, khofi kapena kugwiritsa fodya kwa mphindi 30. Akhale pampando wotsamira kwa mphindi zisanu, mapazi pansi, osapingasa miyendo, mkono uli patebulo molingana ndi mtima. Lamba amangidwe pakhungu, osati pamwamba pa juzi, chinthu chimene chimachitika kwambiri m'nyengo yozizira kuno. Lamba wamng'ono pa mkono waukulu amanamiza, amaonetsa BP yokwera kuposa mmene ilili. Osalankhula poyeza. Yezani kawiri motalikitsa mphindi imodzi, m'mawa asanamwe mankhwala ndi madzulo asanagone, kwa masiku 7. Manambala a tsiku loyamba muwasiye, otsalawo muwaphatikize n'kupeza apakatikati. Kunyumba malire ndi 135/85, kuchipatala ndi 140/90. Ikafika 180/120, makamaka pali mutu waukulu, kusaona bwino, kupweteka pachifuwa kapena befu, nyamukani nthawi yomweyo.

Kenako yang'anani mankhwala, chifukwa nthawi zina wakuba tulo ali m'kabotolo momwemo. Hydrochlorothiazide, amene ambiri amangoti HCT, ndi furosemide amakodzetsa. Amayenera kumwedwa m'mawa. Mayi amene amamwa mankhwala ake onse pogona kuti asaiwale adzayenda ulendo wa kuchimbudzi usiku wonse. Enalapril amatsokomoletsa anthu ena chifuwa chouma chosatha chimene chimakula usiku, ndipo dokotala angathe kusintha mankhwalawo. Amlodipine amatupitsa akakolo, ndipo madzi a m'miyendowo amabwerera m'magazi munthu akagona n'kusanduka mkodzo. Kukweza miyendo pa pilo kwa ola limodzi chakumadzulo kumathandiza kuti madziwo atuluke nthawi yogona isanakwane. Prednisolone ndi ma ARV okhala ndi dolutegravir amasowetsa tulo anthu ena, n'chifukwa chake amamwedwa m'mawa. Ndiye pali aja ogula tokha a nyamakazi ndi msana: Brufen, diclofenac ndi Indocid. Amenewa amakweza BP, amafooketsa mphamvu ya mankhwala a BP ndipo amawononga impso akamwedwa nthawi yaitali. Mapiritsi ena a mutu a m'magolosale ali ndi caffeine (chinthu chosowetsa tulo chimene chimapezekanso mu khofi ndi tiyi), ena a chimfine ali ndi zofinya mitsempha, choncho werengani pa paketi. Musasiye kapena kusintha nokha mankhwala amene munalandira kuchipatala. Tengani onse m'jumbo, ngakhale a zitsamba, mukawaonetse.

Za mapiritsi ogonetsa tinene mosabisa. Diazepam ndi Piriton si mankhwala a vuto la tulo la nthawi yaitali kwa munthu wachikulire. Amasiya chizungulire mpaka m'mawa, amasokoneza mutu, ndipo mayi akadzuka usiku kupita kuchimbudzi cha panja, m'mvula ya kunoyi, pa dothi loterera, amagwa. Mafupa a mayi amene anasiya kusamba ndi osalimba, ndipo kuthyoka m'chiuno pa zaka 70 kumagonetsa munthu miyezi, ena osadzukanso. Amene wamwa diazepam kwa nthawi yaitali asasiye kamodzin'kamodzi, dokotala amuchepetsere pang'onopang'ono.

Tiyi ndi khofi. Kuno kumazizira ndipo khofi ndi wa kwathu konkuno, sitikuletsa. Koma caffeine amachedwa kutuluka m'thupi: patapita maola pafupifupi asanu, theka lake limakhala likadali m'magazi. Tiyi wa masamba ambiri wa 5 koloko madzulo akugwirabe ntchito 10 koloko usiku. Kapu yomaliza ikhale ya nkhomaliro, madzulo amwe madzi ofunda a mandimu kapena mkaka pang'ono. Coca-Cola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zili m'gulu lomwelo. Fodya wa mphuno ndi woika m'kamwa, amene agogo ambiri amati amawagonetsa, ali ndi nicotine amene amakweza BP ndi kuthamangitsa mtima. Mowa umagwetsa msanga koma umadula tulo pakati pa usiku. Mchere usapitirire magalamu asanu pa tsiku, supuni yaing'ono imodzi ya tiyi, kuwerengera wa mu ndiwo, m'makyubu okometsera, mu soda wa therere ndi mu usipa wothira mchere. Mchere wambiri madzulo umabweretsa ludzu, ludzu limabweretsa mkodzo. Madzi amwe okwanira masana, achepetse kukatsala maola awiri kuti agone. Amene akukodzabe kawiri kapena katatu usiku uliwonse akayezetse shuga.

Kuzizira kwa June ndi July kumafinya mitsempha ndipo BP imakwera, choncho mayi afunde mokwanira ndi kuvala sokosi. Mabulangete awiri opepuka amaposa limodzi lolemera kwa amene amatentha thupi usiku, chifukwa angathe kuchotsa limodzi osadzuka kwenikweni. Koma mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka. Imatulutsa mpweya wapoizoni wopanda fungo umene umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Mtima wodwala kale ndiwo umayamba kugonja.

Kwa mayi amene tulo sitibwera ngakhale zonsezi zitakonzedwa, usiku utatu pa sabata kwa miyezi itatu, njira imene imagwira ntchito kuposa mapiritsi ndi yophunzitsanso thupi. Adzuke nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale atagona mochedwa. Awothere dzuwa la m'mawa. Ayende ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata. Asalowe m'bulangete tulo tisanabwere. Akakhala maso pabedi kwa mphindi pafupifupi 20, adzuke, akhale pampando pa kuwala kochepa, awerenge Baibulo kapena aluke, abwerere tulo tikayamba. Foni ndi mauthenga a WhatsApp zidikire m'mawa. Kugona masana kusapitirire mphindi 30, ndipo kukhale 3 koloko isanakwane. Masabata awiri oyamba amakhala owawa, ndipo ambiri amasiyira pomwepo, koma phindu limayamba kuoneka pambuyo pake. Ngati chimene chikuwasowetsa tulo ndi maganizo, imfa ya mwamuna kapena ya mwana, ngongole ya ku banki m'khonde, fizi ya adzukulu, ndipo mayi akudzuka m'bandakucha mtima uli wolemera, sakudya, sakufunanso kucheza, kumeneko n'kudwala ndipo kumachizika. Ku St John of God kuno ku Mzuzu kuli anthu ophunzira ntchito imeneyi, ndipo kupita kumeneko sikutanthauza misala.

Apa tipemphe mabanja chinthu chimodzi. Gogo amene mwamupeza ali maso pakati pa usiku, atakhala pakhonde kapena akuyendayenda, musamuganizire zoipa. Thukuta, chikhodzodzo, kuwawa kwa mawondo, phuma kapena kuiwalaiwala kwa ukalamba ndi zimene zamudzutsa. Chimodzimodzinso munthu akadzuka m'mawa pakamwa patapotoka, mkono wafa, mawu sakumveka, si hamala ya mfiti. BP imakwera yokha m'bandakucha thupi likamakonzekera kudzuka, ndipo sitiroko ndi matenda a mtima ogwa mwadzidzidzi zimachuluka kuyambira m'mawa mpaka masana. Thamangirani ku Mzuzu Central Hospital kapena chipatala chimene chili pafupi, osamumwetsa kanthu chifukwa angatsamwe. Dziwaninso kuti mtima wa mayi ukagwidwa, si nthawi zonse pamene pachifuwa pamapweteka kwambiri. Pena ndi befu, nseru, thukuta lozizira, kupweteka kwa chibwano kapena msana, ndi kufooka kosadziwika bwino.

Nkhani ya maliro ndi yovuta kuinena, koma tiinene. Kugona pa siwa ndi ulemu wathu, ndipo sitikuti uthe. Koma amene amachezera kuimba, kuphika ndi kukhala pambali pa namfedwa ndi amayi omwewa a zaka 55, 60, 70. Mwezi wina maliro amagwa atatu m'dera limodzi. Mankhwala amaiwalika kunyumba, tiyi amamwedwa usiku wonse, ndiwo zimakhala za mchere wambiri. Tikupempha amayi a Umanyano, a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika, a bungwe la amayi a Chikatolika, amayi a Chisilamu ndi mafumu a m'malokeshoni kuti akonze zosinthana. Gulu lina lichezere mpaka pakati pa usiku, lina lilandire. Mayi wa BP, shuga kapena mtima asachezere masiku awiri otsatizana, ndipo akapempha kukagona kwawo asanenedwe kuti ndi wodzikonda. Mapemphero a usiku wonse akonzedwenso chimodzimodzi. Wodwala akagonekedwa m'chipatala, banja lisasiyire mayi mmodzi wachikulire ugadiyani wa masabata atatu. Ana aamuna nawonso angathe kudikirira wodwala. Ndipo inu amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni, amene munasiya ana aang'ono kwa amayi anu, kumbukirani kuti khanda limadzuka usiku. Pa ndalama imene mumatumiza, ganizirani za munthu wothandiza kugona ndi anawo, ndi makina a BP.

Kwa anzathu a m'makiliniki a BP ndi shuga, ku Mapale, ku St John's, ku Ekwendeni ndi kwina konse, tikudziwa kutalika kwa mzere. Mafunso anayi satha mphindi imodzi: mumagona maola angati, mumadzuka kangati, mumaliza mkonono kapena kubanika, HCT mumamwa nthawi yanji? Mayankho alembedwe m'buku la kuchipatala pambali pa manambala a BP. A Radio Tigabane ndi a Voice of Livingstonia aiike nkhaniyi m'mapulogalamu a zaumoyo, m'Chitumbuka, m'Chitonga ndi m'Chichewa, makamaka pa 17 May, tsiku loganizira za BP, ndi pa 29 September, tsiku loganizira za mtima.

Tulo sitilowa m'malo mwa mankhwala. Mayi amene wayamba kugona bwino apitirize kumwa mankhwala ake mpaka dokotala atanena zina. Pa tsiku la kiliniki likubwerali, atenge buku la kuchipatala, jumbo ya mankhwala onse, kope lija la masiku 14, ndipo ngati n'kotheka apite ndi munthu amene amagona naye chipinda chimodzi, chifukwa ndi amene amamva mmene amapumira usiku.

Ife,
Anamwino ndi azachipatala ena okhudzidwa,
Mzuzu.